Ndege zopanda injini: luso la mphamba lomwe lafika mpaka kuchipatala

Mukakhala ku Chifunga m'mwezi wa October, dzuwa litafika paliwombo, tayang'anani kumwamba. Nthawi zambiri muona mphamba kapena chiwombankhanga chikuzungulira pamalo amodzi, mapiko ali tambalale, osawakupiza ngakhale kamodzi, koma chikukwerabe mpaka kusanduka kadontho. Amayi ambiri akaona zimenezi amathamangira kubisa anapiye. Nanga mwana akakufunsani kuti mbalameyo ikukwera bwanji pomwe sikukupiza mapiko, mumuyankha chiyani?

Yankho lake lili pansi pomwe mwaimapo. Dzuwa limayamba kutenthetsa nthaka, ndipo nthakayo ndi yomwe imatenthetsa mpweya woyandikana nayo. Koma malo satentha mofanana. Munda wongolimidwa kumene, thanthwe, malata a nyumba ndi phula la msewu wa Zalewa-Mwanza zimapsa msanga kuposa dambo kapena mitengo ya m'mbali mwa mtsinje. Mpweya wotentha ndi wopepuka, choncho umanyamuka n'kukwera ngati mzati wosaoneka, monga momwe utsi wa m'khitchini umathamangira kudenga. Kamvulumvulu yemwe amanyamula masamba ndi fumbi pabwalo ndi tsinde la mzati wotere. Kukakhala chinyezi, pamwamba pa mzatiwo pamamera kamtambo koyera konga thonje. Mphamba amangolowa mu mzatiwo n'kumazungulira kuti asatulukemo, mpweya n'kumamukweza ulere. Akafika pamwamba amatsetsereka pang'onopang'ono kukafuna mzati wina.

Anthu a ku Ulaya anatengera luso limeneli n'kupanga ndege zopanda injini zomwe pa Chingerezi amati glider. Ajeremani ndiwo anazilimbikira kwambiri. Atagonja pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anawaikira malamulo okhwima pa ndege za injini, ndipo kuyambira 1920 achinyamata ankasonkhana paphiri la Wasserkuppe kupikisana kuuluka ndi mphepo yokha. Nkhondo yachiwiri itatha mu 1945 anawaletsanso, mpaka mu 1951 pomwe anawalola kuyambiranso. Zaka makumi awiri zotsatirazo ndi zomwe zinasintha ndegezi kotheratu.

Mwina mukudabwa kuti ndege yopanda injini imanyamuka bwanji. Imachita kukokedwa. Pena ndege ina ya injini imaikoka ndi chingwe mpaka m'mwamba, pena makina oima pansi amakulunga chingwe chachitali mwaliwiro, ndegeyo n'kukwera ngati kaiti ya ana. Woyendetsa akamasula chingwe, zonse zatsalira iye, mapiko ndi mpweya. Kutsogolo kwake kumakhala kachipangizo komuuza ngati akukwera kapena akutsika, koma oyendetsa ozolowera amayang'ananso mitambo ndi mbalame. Pomwe miimba ikuzungulira, mzati uli pomwepo.

Ubwino wa ndege yotere amauyeza ndi funso limodzi: ikatsika mita imodzi, imakhala itapita kutsogolo mamita angati? Mu 1955 kampani ya Schleicher ku Germany inatulutsa ndege ya Ka 6, yomwe anaikonza Rudolf Kaiser. Inali ya matabwa opyapyala ndi nsalu, mapiko ake mamita pafupifupi 15 kuchoka nsonga ina kufika inzake, ndipo kulemera kwake sikunkafika ngakhale matumba anayi a chimanga. Inkapita mamita pafupifupi 30 pa mita iliyonse yomwe yatsika. Tinene kuti ili kilomita imodzi m'mwamba, inkatha kutsetsereka makilomita pafupifupi 30 isanagunde pansi, popanda dontho la mafuta. Chaka chotsatira, mu 1956, dziko la Czechoslovakia linaulutsa Blaník, ndege ya zitsulo zopepuka yokwera anthu awiri, mphunzitsi ndi wophunzira. Anapanga zoposa 2,500 ndipo anthu ambirimbiri m'maiko osiyanasiyana anaphunzirira kuuluka mu ndege imeneyi.

Koma matabwa ndi nsalu zili ndi vuto. Phiko lake silisalala mokwanira, ndipo kabampu kalikonse kamasokoneza mpweya woyenda pamwamba pa phikolo n'kubweza ndege m'mbuyo. Akatswiri awiri a ku Stuttgart, Richard Eppler ndi Hermann Nägele, ndiwo anapeza njira ina. Anatenga ulusi wa galasi n'kuumata ndi guluu wolimba pamwamba pa mtengo wopepuka kwambiri wa balsa, zomwe masiku ano timazidziwa kuti fibreglass, zija amapangira maboti ena a panyanja. Ndege yawo, Phönix, inauluka koyamba mu November 1957. Khungu lake linali see ngati mbale yadothi, ndipo inkapita mamita pafupifupi 40 pa mita imodzi. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndege za matabwa zinali zitayamba kusowa pa mipikisano ikuluikulu.

Umboni wake unaoneka pa 25 April 1972. Mjeremani wina, Hans-Werner Grosse, ananyamuka ku Lübeck kumpoto kwa Germany pa ndege ya ASW 12 n'kukatera ku Biarritz, kumwera kwa France. Unali ulendo wa makilomita 1,460 m'tsiku limodzi, mtunda woposa kutalika kwa Malawi yense kuchoka ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Panatenga zaka pafupifupi 30 kuti wina amupose.

Pano mwina mwayamba kale kunena kuti awa ndi masewera a anthu okhuta, ndipo kunena zoona ambiri ankaulutsa ndegezi pongosangalala. Komabe zomwe anaphunzirazo zatipeza kuno. Phiko lalitali, lopepuka ndi losalala limafuna mphamvu yochepa kuti chinthu chikhale m'mwamba, ndipo mapiko omwe Eppler anajambula akugwiritsidwabe ntchito ndi opanga tindege ting'onoting'ono. Nkhani ya ma drone onyamula zachipatala yagona pamenepa.

Mu March 2016 boma ndi bungwe la UNICEF anayesa drone ku Lilongwe, kuona ngati ingamanyamule timapepala ta magazi a makanda oyezedwa HIV kupita ku labotale ya chipatala cha Kamuzu Central. Nthawi imeneyo UNICEF inkati magaziwo ankatenga masiku pafupifupi 11 kuti afike ku labotale, ndipo zotsatira zinkatha kuchedwa mpaka masabata 8. Kwa khanda lomwe lili ndi kachilombo, kuchedwa kotere n'koopsa, chifukwa popanda mankhwala pafupifupi theka la ana otere amamwalira asanakwanitse zaka ziwiri. Drone yoyesedwayo inalibe mapiko. Inkadalira timapulopela tokha, ngati munthu wosenza katundu osatula, ndipo ulendo wake unali wa makilomita pafupifupi 10 basi.

Mu 2017 anatsegula malo oyesera ma drone ku Kasungu, ndipo m'chaka chomwecho ophunzira achimalawi, mothandizidwa ndi sukulu ya Virginia Tech, anapanga kandege ka mapiko kotchedwa EcoSoar komwe kanauluka makilomita 19. Pambuyo pake makampani monga Wingcopter ya ku Germany ndi Swoop Aero ya ku Australia anabweretsa ma drone omwe amanyamuka chilili ngati helikopita, kenako n'kugonera pa mapiko. Awa ali ndi timota ta batire, si ma glider enieni, koma mapikowo ndi omwe amasunga moto kuti ulendo utalike. Anyamulapo mankhwala, katemera ndi zokayezetsa ku Kasungu, Nsanje ndi Chikwawa. Aliyense amene anayesapo kukwera kuchoka kumunsi kuno kupita ku Neno boma kapena ku Dambe nthawi ya dzinja, matope ali m'mawondo, sangafunse kuti njira ya m'mwamba ili ndi phindu lanji.

Inu odzipereka pa zaumoyo, mbali yovuta ndi yanu. Kandege kopanda munthu, konyamula magazi, kakuuluka pamwamba pa mudzi: mukudziwa nokha zomwe anthu angayambe kunong'onezana. Mphekesera za anamapopa za mu 2017 zinaphetsa anthu angapo m'chigawo chakumwera, ndipo zinaimitsa ntchito zina za zaumoyo. N'chifukwa chake ndi bwino kuti anthu amve kwa inu, munthu wa pamudzi pawo, zinthu zisanafike. Auzeni kuti drone sitenga kanthu m'thupi la munthu, imangonyamula bokosi lomwe wa zaumoyo waikamo, ngati momwe njinga yamoto imachitira. Magazi a khanda ndi timadontho tochepa ta pachidendene kapena chala, touma pa kapepala. Kaya apita pa njinga kaya m'mwamba, mwana wobadwa kwa mayi yemwe ali ndi HIV ayenera kuyezedwa akakwanitsa masabata 6, ndipo kholo lizibwerera kukamva zotsatira. Ana nawo auzidwe kuti drone si mbalame yoigenda ndi legeni, ndipo ikatera asaiyandikire, chifukwa timapulopela take timacheka.

Za mwana uja wofunsa za mphamba, mutha kumuyankha ndi pepala la m'kope lakale. Pindani tindege tiwiri, kena ka mapiko aafupi, kena ka mapiko aatali otambalala. Aime pachulu kapena pakhonde lokwera m'mawa kusanayambe mphepo, akaponye mofatsa osagwiritsa mphamvu, ndipo awerenge mapazi kufika pomwe kagwera. Kenako akwinye pang'ono phiko la komwe kanapita patali, aponyenso, awerengenso.