Kadontho kofiira ka mu foni mwanu musakafufute

Ngati munajambula mwezi usiku wa Lamulungu pa 7 September 2025, ndikudziwa chomwe chinatuluka: kadontho kofiira pakati pa mdima, ngati nyali ya kabaza ili patali. Kenako pa WhatsApp panabwera zithunzi za mwezi waukulu ngati lichero, inu n'kuchita manyazi ndi chanucho. Ine ndikuti chisungeni.

Usiku umenewo kunali kadamsana wa mwezi wathunthu. Dziko lathuli linali pakati pa dzuwa ndi mwezi, ndipo kuyambira cha m'ma 7:30 madzulo mwezi wonse unakhala mumthunzi wa dziko kwa mphindi pafupifupi 82. Kufiirako si magazi, komanso sikunkalosera za chisankho cha pa 16 September. Kuwala kwa dzuwa kukamadutsa mumpweya wozungulira dziko, kwa buluu kumamwazikana, kofiira n'kupindika mpaka kukafika pamwezi. N'chimodzimodzi ndi kufiira kwa kumwamba dzuwa likamalowa.

Chomwe chimandisangalatsa ine n'chakuti ambiri mwa anthu ochezera usiku kujambula kadamsana si asayansi olembedwa ntchito. Amangozikonda basi. Koma zomwe amaona zimathandiza. Pa kadamsana wa pa 21 January 2019, ena a iwo anajambula kakuwala kamene kanang'anima pamwezi kosakwana ndi sekondi yomwe. Katswiri wa ku Spain, José María Madiedo, anatsimikiza kuti unali mwala wa mumlengalenga womwe unawomba mweziwo.

Ngakhale maso okha amagwira ntchito. André Danjon wa ku France anakonza muyezo woyambira pa 0, mwezi ukada mpaka kusowa, kulekezera pa 4, ukawala ngati kopa. Phiri la Pinatubo ku Philippines litaphulika mu 1991, utsi ndi fumbi lake zinachititsa kuti kadamsana wa mu December 1992 akhale wakuda kwambiri. Choncho mtundu wa mwezi umatiuza momwe mpweya wa dziko lathu ulili.

Apa ndiye pagona phindu la kadontho kanu. Kali ndi tsiku, nthawi ndi malo, ndipo mukudziwa amene anakajambula. Chithunzi chongotumiziranacho mwina n'cha chaka china, mwinanso chinapangidwa ndi AI.

Nanga mungajambule bwanji bwinoko? Musagwire foni m'manja. Itsamiritseni pa njerwa kapena pampanda, n'kutchera timer kuti isagwedere. Zimitsani flash, chifukwa siingafike pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000. Dinani pamwezipo n'kuchepetsa kuwala, ndipo musakoke zoom mpaka kumapeto. Ngati mnzanu ali ndi telesikopu, gunditsani kamera ya foni pomwe amaikapo diso. Chokani pamagetsi owala. Magalasi oteteza maso safunika, izo n'za kadamsana wa dzuwa.

Mpata wina wa kadamsana wathunthu kuno ndi pa 31 December 2028, pomwe mwezi udzatuluke kum'mawa uli kale mumthunzi. Idzakhala nyengo ya mvula, ndiye mitambo ikhoza kutimana. Komabe mwezi wathunthu umabwera mwezi uliwonse, ndipo kuyeserera n'kwaulere. Pezani anzanu awiri atatu, muyambiretu.