Tilemekeze Anthu Olimba Mtima Otiteteza

Moto ukabuka, tonse timathawa. Mtsinje ukasefukira, tonse timathamangira kumtunda. Koma pali anthu ena amene amathamangira komwe kuli ngoziko. Anthu amenewa ndi apolisi ndi ozimitsa moto. Tiyeni tiwerenge za iwo ndi kukambirana.

Apolisi a dziko lathu la Mozambique amatchedwa Polícia da República de Moçambique, mwachidule PRM. Dzina limeneli linayamba m'chaka cha 1992. Kale ankatchedwa Polícia Popular de Moçambique. Tsiku lawo ndi 17 May chaka chilichonse. Ozimitsa moto ali pansi pa bungwe la SENSAP. Iwo sazimitsa moto pokha ayi. Amavuulanso anthu m'madzi ndi kutulutsa ovulala m'galimoto zochita ngozi.

Kodi ntchito imeneyi ndi yoopsa motani? Tikumbukire zinthu ziwiri zimene zinachitika m'chigawo chathu cha Tete.

Pa 17 November 2016, galimoto yaikulu yonyamula mafuta kuchokera ku Beira kupita ku Malawi inaphulika pa mudzi wa Caphiridzange, m'boma la Moatize. Anthu ambiri anali atasonkhana kuti atunge petulo. Anthu oposa 70 anamwalira, ndipo ena ambiri anapsa koopsa, natengeredwa ku chipatala cha Tete. Dziko lonse linalira maliro masiku atatu.

Mu January 2022 kunabwera namondwe wotchedwa Ana. Mtsinje wa Revúbuè, umene umayambira kumapiri a kuno ku Angónia, unadzaza ndi kuononga mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Mvula yogwa kwathu kuno imasanduka chigumula kwa abale athu a kumunsi.

Pa nthawi zotere wopulumutsa anzake amaika moyo wake pachiswe. Nayenso ali ndi ana, ali ndi makolo, ali ndi munda. Mantha amamugwira monga munthu aliyense. Kulimba mtima ndiko kupita kukathandiza ngakhale mantha alipo.

Nanga anthu otere amalemekezedwa bwanji? Boma limapereka mendulo kwa nzika zimene zatumikira dziko mwapadera. Imodzi mwa izo ndi ya apolisi, yotchedwa Medalha de Mérito de Polícia. Maiko ambiri amakumbukiranso ozimitsa moto pa 4 May. Tsikuli linakhazikitsidwa pambuyo pa imfa ya ozimitsa moto asanu ku Linton, m'dziko la Australia, mu December 1998. Iwo anafa polimbana ndi moto wolusa wa m'tchire, wonga umene timauona kuno m'chilimwe.

Ulemu umenewu uli ndi ntchito zitatu. Choyamba, umathokoza wogwira ntchito ndi kutonthoza banja lake. Chachiwiri, umaphunzitsa achinyamata chitsanzo chabwino. Chachitatu, umasiyanitsa wantchito wokhulupirika ndi wosakhulupirika. Yunifomu payokha siipatsa munthu ulemu. Wapolisi wolandira chiphuphu kapena womenya anthu osalakwa amaipitsa mbiri ya anzake. Tikamayamika wochita bwino, timakhalanso ndi mphamvu yodzudzula wochita zoipa.

Komatu mendulo siibwezera moyo. Ulemu waukulu umene ife tingapereke ndiwo kuchepetsa ngozi. Midzi yathu yambiri ili kutali ndi Ulónguè, ndipo thandizo silingafike msanga. Choncho mlonda woyamba wa mudzi ndife eni ake. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Tichite izi:

1. Tilambule udzu mozungulira nyumba, nkhokwe ndi makola a ng'ombe mvula ikatha.
2. Tisatenthe tchire posaka mbewa. Moto umodzi ungathe kupsereza chimanga cha chaka chonse.
3. Tisasunge petulo m'nyumba yogona, ndipo tisasiye ana okha pafupi ndi moto kapena nyali.
4. Galimoto ya mafuta ikagwa kapena ikaima panjira, titalikire. Tisapite ndi zigubu. Petulo amayaka ngakhale ndi kamoto kakang'ono.
5. Tisawoloke mtsinje wodzaza. Tidikire madzi aphwe.
6. Ngozi ikachitika, tidziwitse amfumu ndi apolisi mwamsanga, ndipo tiwapatse njira opulumutsa anthu.

Tikatero tidzasunga miyoyo yathu, tidzasunganso miyoyo ya otiteteza.

Mafunso okambirana

1. Kodi tsiku la apolisi a dziko lathu ndi liti?
2. Nchifukwa chiyani anthu ambiri anafa ku Caphiridzange?
3. Kodi m'mudzi mwathu moto wolusa umayamba bwanji? Tingauletse motani?
4. Lembani m'kope mwanu mawu awa: moto, ngozi, ulemu, mendulo.