Phulusa la ku Indonesia likutani pansi pa nyanja yathu?

Madzi atasefukira mu 2024 n'kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima, pa Facebook panabuka mkangano. Ena amati ndi kusintha kwa nyengo, ena amati nyanja imatero kuyambira kale. Ine ndinakumbukira zomwe ndinaphunzirako ku yunivesite fizi isanandibweze kwathu, ndiye ndati ndikugawireniko.

Matope apansi pa madzi amasunga mbiri. Amaunjikana chaka ndi chaka, ndipo mkati mwake mumatsalira mungu wa zomera ndi tizigoba ta tizamoyo ting'onoting'ono. Mu 2005 asayansi anaboola pansi pa nyanja ya Malawi ali pa chombo cha Viphya, n'kufika mamita pafupifupi 380 m'matope. Anzawo amaboolanso pansi pa nyanja zamchere, komwe tizigoba timaulula kuchuluka kwa madzi oundana omwe anali padziko nthawi imeneyo.

Vuto ndi ili: mungadziwe bwanji kuti matope akuno ndi akunyanja yamchere anakhazikika nthawi imodzi? Njira ya radiocarbon, yoyezera zaka, imathera pa zaka pafupifupi 50,000. Komanso zam'nyanja yamchere imaziwonjezera zaka ngati 400, chifukwa kaboni wa m'madzimo ndi wakalekale.

Apa ndi pomwe phulusa limathandiza. Zaka pafupifupi 74,000 zapitazo, dziko lili m'nyengo yomaliza ya madzi oundana, phiri la Toba ku Sumatra, m'dziko la Indonesia, linaphulika koopsa. Phulusa la phiri lililonse lili ndi chizindikiro chake, ngati chidindo cha chala. Mu 2013 Christine Lane ndi anzake analengeza kuti apeza tizidutswa ta phulusa la Toba, tosaoneka ndi maso, m'matope a nyanja yathu. Phulusa lomwelo lilinso pansi pa nyanja ya Indian. Ndiye mukafola matope awiriwa pamzere wa phulusawo, basi, nthawi yagwirizana.

Nanga anapeza chiyani? Kuphulika kuja sikunaziziritse kwenikweni dera lathu. Koma matope apansi pa phulusalo amaonetsa chilala chadzaoneni: pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo, panali nthawi zomwe nyanja inataya pafupifupi 95 peresenti ya madzi ake. Zaka 21,000 zapitazo, nyanja zamchere zitatsika mamita ngati 120, kunonso kunazizira ndi kuuma, koma nyanja sinaphwe ngati poyamba paja.

Matopewa sangagamule mkangano wa 2024, ayi. Koma akutiuza kuti gombe lomwe tikuliona lero si malire okhazikika. Amene mukusaka puloti m'mphepete mwa nyanja, musanalipire, funsani kaye agogo am'mudzimo pomwe madzi anafikapo.