Katochi Kounikira Ndalama: Zomwe Alimi ndi Amalonda a kwa Kaphuka Ayenera Kudziwa Asanagule

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, ndalama zambiri zimayenda m'dera la Mfumu Yaikulu Kaphuka. Chimanga, nyemba, soya, mtedza ndi mbatata ya kachewere zimatuluka m'midzi pa njinga ndi pa ngolo kulowera ku misika ya m'mbali mwa msewu wa M1 monga Linthipe ndi Chimbiya, komwe ogula amadikirira ndi masikelo awo. Malonda ambiri amakhala a pamanja, amachitika mwachangu, ndipo ena amatha dzuwa litalowa kale. Apa ndi pomwe anthu osaona mtima amapezera mpata wobisa ndalama zabodza pakati pa mpukutu wa ndalama zenizeni.

Vutoli limapweteka kwambiri masiku ano chifukwa pepala limodzi likunyamula mtengo waukulu kuposa kale. Banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi inatulutsa ndalama ya K2,000 m'chaka cha 2016, ndipo mu February 2022 inatulutsa ya K5,000. Mlimi amene walandira mapepala khumi abodza a K5,000 wataya K50,000, ndipo palibe banki yomwe imasintha ndalama yabodza ndi yeniyeni. Thukuta la miyezi ingapo limathera pomwepo.

Pofuna kudziteteza, amalonda ena, oyendetsa mabenchi a Airtel Money ndi TNM Mpamba komanso magulu a banki m'khonde amagula katochi kakang'ono komangirira ku makiyi, kotulutsa kuwala kotchedwa ultraviolet, kapena UV mwachidule. Kachipangizoka n'kothandiza ndithu, koma si katochi kalikonse kowala mtundu wa pepo komwe kamagwira ntchitoyi. Wogula ayenera kudziwa chomwe akufuna, kukayesa asanalipire, ndiponso kuzindikira pomwe mphamvu yake imalekezera.

Momwe kuwalaku kumagwirira ntchito

Kuwala kwa UV kunatulukiridwa m'chaka cha 1801 ndi katswiri wa sayansi wa ku Germany, Johann Wilhelm Ritter. Kumapezeka m'dzuwa tsiku ndi tsiku ngakhale kuti diso la munthu silikuona. Akatswiri amasiyanitsa mitundu ya kuwala poyeza kutalika kwa mafunde ake m'muyezo waung'ono kwambiri wotchedwa nanomita, womwe pa mapaketi amaulemba kuti nm. Diso limaona kuwala kwa pakati pa 400 nm ndi 700 nm. Kuwala kwa UV kuli kunsi kwa 400 nm.

Zinthu zina zikaombedwa ndi kuwala kosaonekaku zimakumwa n'kukubweza ngati kuwala kooneka, moti zimachita ngati zayaka zokha. Pepala wamba la mu ofesi kapena la m'kope la ana asukulu limathiridwa mankhwala oliyeretsa, ndipo mankhwalawo amawala kwambiri mtundu wa buluu akaunikidwa ndi UV. Ndalama yeniyeni imasindikizidwa pa pepala lapadera, lomwe gawo lake lalikulu ndi thonje, ndipo silithiridwa mankhwala oyeretsawo. Choncho ikaunikidwa, pepala lake limakhala lozimirira, ndipo zimene zimawala ndi zizindikiro zochepa zomwe osindikiza anaziika dala, monga timaulusi ta m'pepala ndi zigawo zina zolembedwa ndi inki yapadera.

Kusiyana kumeneku ndiko kumagwiritsa wakuba. Ndalama yabodza yojambulidwa pa makina osindikizira wamba kawirikawiri imawala yonse ngati pepala la m'kope, ndipo zizindikiro zobisika zija sizipezeka, kapena zimakhala pamalo olakwika.

Nambala yoyenera kuyang'ana pa paketi

Matochi ang'onoang'ono a UV omwe amagulitsidwa ali m'magulu awiri akuluakulu: olembedwa 395 nm ndi olembedwa 365 nm. A 395 nm ndiwo otchipa ndipo ndiwo amapezeka kwambiri. Kuwala kwawo kuli pafupi ndi malire a zomwe diso limaona, motero amatulutsa mtundu wa pepo wowala kwambiri. Ogula ambiri amakopeka ndi kuwalako poganiza kuti ndiyo mphamvu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: kuwala kwa pepoko kumaphimba zizindikiro zomwe munthu akufuna kuona, ndipo inki zina za pa ndalama siziyaka bwino ndi kuwala kotere.

Tochi ya 365 nm imaoneka yofooka ikaunikidwa pakhoma, chifukwa mphamvu yake yambiri ili m'kuwala kosaoneka. Koma ikaunikidwa pa ndalama, zizindikiro zimatuluka bwino ndi mitundu yake. Imeneyi ndiyo yoyenera ntchito younika ndalama, ngakhale kuti mtengo wake umakhala wokwererapo. Matochi ena abwino a mtundu umenewu amakhala ndi galasi lakuda kutsogolo, lomwe limatchinga kuwala kooneka n'kulola UV yekha kudutsa.

Paketi ikapanda nambala iliyonse, kawirikawiri katochiko kamakhala ka mtundu wotchipa uja, kapenanso kongowala buluu chabe. Komanso zolembedwa pa paketi sizinena zoona nthawi zonse. N'chifukwa chake kuyesa kuli kofunika kuposa kuwerenga.

Kuyesa asanalipire

Wopita kukagula ayenera kutenga zinthu ziwiri: kapepala koyera ka m'kope, ndi ndalama yomwe akudziwa kuti ndi yeniyeni, makamaka yotapidwa ku banki. Ali m'sitolo momwemo apemphe kuti ayatse katochiko pamthunzi, kapena m'kati mwa chikwama, n'kuunika zinthu ziwirizo zili pamodzi. Kapepala ka m'kope kayenera kuwala kwambiri, pomwe ndalamayo iyenera kukhala yozimirira, zizindikiro zake zobisika zikuoneka. Ngati zonse ziwiri zikungooneka za pepo mofanana, katochiko sikathandiza, ngakhale katchipe bwanji. Wogulitsa amene akukana kuti katundu wake ayesedwe wapereka kale yankho.

Akafika nako kunyumba, mwini wake aunike ndalama zenizeni za mitundu yosiyanasiyana, makamaka K1,000, K2,000 ndi K5,000, kumaso ndi kumbuyo, mpaka atazolowera malo omwe chizindikiro chilichonse chimakhala. Katochi kamangoonetsa, woweruza ndi munthu amene akudziwa maonekedwe a ndalama yeniyeni. Ndi bwinonso kusunga ndalama imodzi yodalirika yoti azifanizira nayo pakakhala chikaiko.

Mabatire ndi kulimba kwake

Chachiwiri choyenera kuganizira ndi mabatire. Timatochi tambiri ta ku makiyi timayendera timabatire tozungulira ngati mabatani a malaya. Timeneti sitichedwa kutha ndipo sitipezeka m'magolosale ambiri a kumudzi, moti katochi kotchipa kamasanduka kodula, kapena kamangotayidwa pakapita masabata ochepa. Tochi yoyendera batire laling'ono la AAA ndi yosavuta kuisamala chifukwa mabatirewo amapezeka m'misika yambiri. Yabwino koposa kwa amene ali ndi sola kunyumba kapena amakhala pafupi ndi malo otchajira mafoni ndi yotchaja ndi chingwe cha foni. Batire likayamba kufooka, kuwala kwa UV kumachepa mwini wake osazindikira msanga, choncho kuyesa ndi kapepala ka m'kope m'mawa wa tsiku la msika ndi chizolowezi chabwino.

Katochi ka ku makiyi kamagwa pansi, kamagundana ndi zitsulo, kamakumana ndi fumbi la m'chilimwe komanso mvula ndi chifunga cha kumapiri kuno ku Dedza. Kachitsulo, kokhala ndi mphira pomwe zigawo zake zimalumikizana, kamakhalitsa kusiyana ndi kapulasitiki. Choyatsira chake chisakhale chofewa kwambiri, poti chimayaka chokha m'thumba n'kumaliza batire. Kamphete komangirira ku makiyi kakhalenso kolimba.

Pomwe katochi kamalephera

Katochi ndi mboni imodzi chabe, ndipo mlandu suweruzidwa ndi mboni imodzi. Pali zifukwa zitatu zosayenera kukadalira kokha. Choyamba, padzuwa la masana kuwala kwake sikuoneka, motero kamafunika mthunzi. Chachiwiri, ndalama yeniyeni yomwe inachapidwa limodzi ndi zovala ikhoza kuwala ngati yabodza, chifukwa sopo waufa amakhala ndi mankhwala oyeretsa omwe amatsalira pa pepala. Chachitatu, achinyengo ena amagwiritsa ntchito pepala losawala, kapena amapaka inki yowala pofuna kutsanzira zizindikiro zenizeni.

N'chifukwa chake njira zakale zoyang'anira ndalama sizinathe ntchito. Zala zimamva kukhakhala kwa zilembo ndi chithunzi pa ndalama yeniyeni, pomwe yabodza kawirikawiri imakhala yosalala. Ndalama ikakwezedwa kuloza kowala, m'kati mwa pepala mumaoneka chithunzi chobisika komanso kamzere kachitetezo. Ikapendekedwa uku ndi uku, zigawo zina zonyezimira zimasintha maonekedwe. Nambala za ndalama nazo ziyenera kuwerengedwa: ndalama zenizeni ziwiri za mtengo umodzi sizikhala ndi nambala yofanana, pomwe zabodza zojambulidwa kuchokera ku pepala limodzi zimabwereza nambala yomweyo. Wolandira mpukutu aziyang'ana pepala lililonse, osati lapamwamba ndi lapansi lokha, ndipo asalole kufulumizitsidwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chenjezo pa umoyo

Kuwala kwa UV kumaononga maso, ndipo ngozi yake ndi yakuti munthu sakuona mphamvu yake yonse. Katochi kasalozedwe m'maso mwa munthu, ndipo kasasiyidwe m'manja mwa ana ngati choseweretsa. Timabatire ta ngati mabatani n'toopsa kwambiri mwana akameza, chifukwa timawotcha kummero m'maola ochepa. Zikatero mwanayo athamangitsidwe naye kuchipatala nthawi yomweyo. Timatochi tina timabwera ndi kadontho kofiira ka laser, komwe pa ntchito ya ndalama kalibe phindu koma kamaonjezera ngozi ya maso.

Palinso ena amene amamva kuti UV amapha tizilombo ta m'madzi, n'kuganiza kuti katochi kotere kangayeretse madzi akumwa. Kuwala kopha tizilombo ndi kwa mtundu wina, kwa pafupifupi 254 nm, ndipo kumatuluka m'zipangizo zopangidwira ntchito imeneyo. Katochi kounikira ndalama sikateteza banja ku kolera. Mliri womwe unavuta dziko lino m'zaka za 2022 ndi 2023 ukadali m'maganizo mwa ambiri, ndipo njira zodalirika zikadali zomwe alangizi a zaumoyo amaphunzitsa: kuwiritsa madzi kapena kuthiramo klorini.

Ndalama yokaikitsa ikapezeka

Wamalonda ali ndi ufulu wokana ndalama yomwe akuikaikira. Ngati wailandira kale, asayese kuipatsira munthu wina kuti abweze zake, chifukwa kugwiritsa ntchito ndalama yabodza ukudziwa ndi mlandu pa malamulo a dziko lino. Choyenera ndi kukaipereka kupolisi kapena ku banki, n'kufotokoza komwe inachokera. A komiti ya msika ndi achitetezo cha m'mudzi angathandize kufikitsa nkhaniyo kupolisi.

Chofunikanso kukumbukira n'chakuti si aliyense wopezeka ndi ndalama yabodza amene ali wakuba. Ambiri amakhala kuti nawonso anapusitsidwa kwina. Kuwala kwa katochi si chifukwa chomenyera munthu kapena kumuchititsa manyazi pagulu. Kufufuza ndi ntchito ya apolisi, ndipo kuweruza ndi kwa makhoti.

Sikuti banja lililonse liyenera kukhala ndi katochi kakekake. Gulu la banki m'khonde, kalabu ya alimi kapena amalonda oyandikana mabenchi akhoza kusonkherana n'kugula kamodzi ka 365 nm kolimba, m'malo moti aliyense agule kotchipa kosathandiza. Pa tsiku logawana ndalama za gulu kapena logulitsa mbewu pamodzi, mmodzi aziwerenga, wina aziunika, ogula ndi ogulitsa onse akuona. Ndalama zikachuluka, kulipirana kudzera pa foni kapena ku banki kumachotseratu nkhawa ya mapepala abodza. Mlimi wa kwa Kaphuka amalondera munda wake kuyambira pobzala mpaka pokolola, ndipo mphindi zochepa zoyang'anitsitsa ndalama pamsika ndi gawo lomaliza la ntchito yomweyo.