Magetsi a Khrisimasi akale asakanike ku dzala: mmene mungawadzutsire popanda kuotcha nyumba

Disembala akayandikira, m'masaluni, m'mabara, m'matchalitchi ngakhale m'nyumba zambiri amatulutsa timababu tija tinasungidwa m'katoni chaka chatha. Kulumikiza ku soketi, zii, osayaka. Ambiri amangoti zatha izi, n'kukagula zina ku msika wa Limbe kapena ku Area 2, zomwenso sizimafika Januwale. Koma nthawi zambiri chomwe chafa ndi babu limodzi kapena fyuzi, ndipo kukonza kwake n'kotchipa kuposa bandulo ya tsiku limodzi. Chofunika n'kudziwa mmene timagetsi timeneti timagwirira ntchito, chifukwa kukonza mongoganizira kumatha ndi shoko kapena moto.

Zinthuzi si za dzulo. Mu 1882, ku New York, Edward H. Johnson, mnzake wa Thomas Edison pa ntchito, anakongoletsa mtengo wa Khrisimasi ndi mababu 80 ofiira, oyera ndi abuluu. Kuchokera pamenepo makampani anayamba kupanga mababu olumikiza kale pa waya umodzi, ndipo ena mwa akale aja, monga a NOMA a ku America ndi a Pifco a ku Britain, anthu amawasunga mpaka pano ngati chuma. Ngati kwanu kuli seti yomwe agogo anabwera nayo kuchokera ku Joni kapena ku Harare, musaipeputse.

Chifukwa chiyani babu limodzi likafa onse amazima?

Magetsi ambiri akale amalumikizidwa ngati anthu ogwirana manja pa mzere. Moto umalowa babu loyamba, kudutsa lachiwiri, mpaka lomaliza n'kubwerera ku pulagi. Mmodzi akasiya dzanja, mzere wonse waduka. Mababuwo amagawananso mphamvu ya magetsi. Seti ya ku Britain ya mababu 20 inapangidwira 240V, ndiye babu lililonse limalandira 12V. Seti ya ku America ya timababu 50 inapangidwira 120V, ndiye kalikonse kamalandira pafupifupi 2.5V.

Apa m'pamene ambiri amapsera. Kuno kwathu magetsi a ESCOM ndi 230V. Seti ya ku Britain kapena ya ku South Africa imagwira bwinobwino, kungoti ya ku South Africa imabwera ndi pulagi ya mano ozungulira, mumangosintha pulagiyo. Koma ya ku America, yomwe mwaipeza pa kaunjika kapena achibale akutumizirani, ikalowa mu soketi yathu babu lililonse limalandira mphamvu pafupifupi kawiri. Imawala kwambiri kwa kanthawi, kenako phu, yapita. Adaputa sithandiza, aise, imangosintha mano a pulagi basi. Pamafunika thiransifoma yotsitsa 230V kufika pa 110V kapena 120V. Choncho musanachite chilichonse, werengani kapepala komwe kamakhala pa waya pafupi ndi pulagi.

Yambani ndi waya, osati mababu

Zulani pulagi kaye. Chilichonse chomwe mukuchita ndi manja, chitani magetsi asanalumikizidwe. Kenako yendetsani zala pa waya wonse kuyambira ku pulagi mpaka kumapeto. Mukufuna pomwe makoswe anatafuna, pomwe pulasitiki yang'aluka, kapena pomwe kopa akuonekera. Yang'ananinso m'timabowo momwe mababu amalowa. Mukaona dzimbiri lobiriwira kapena loyera, ndiye kuti chinyezi chinalowa, palani pang'onopang'ono ndi kasandipepa.

Ngati waya waduka pamalo amodzi koma kwina konse ndi wofewa bwino, akhoza kulumikizidwa ndi soda n'kukutidwa bwino. Kupota ndi zala n'kukulunga selotepi ya mapepala ndi kuitana ngozi. Ngati waya ndi wa labala lomwe likufumbutuka mukalipinda, kapena ndi uja wokutidwa ndi nsalu, musaulumikize ku magetsi ngakhale kungoyesa. Seti yotereyo imafuna waya watsopano yense, ndipo imeneyo ndi ntchito ya amisiri a zamagetsi.

Onani fyuzi

Pulagi zathu za mano atatu zimakhala ndi fyuzi mkati. Pa magetsi okongoletsa pamayenera kukhala fyuzi ya 3A, osati ya 13A ya ketulo ija. Ikapsa, gulani ina ku hadiweya. Chizolowezi chokulunga fyuzi ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu kapena kuika kawaya m'malo mwake chimachotsa chitetezo chokhacho chomwe chilipo. Pakachitika shoti, waya wopyapyalayo ndi amene amatentha m'malo mwa fyuzi, ndipo amakhala atazungulira katani kapena mtengo wa pulasitiki. Maseti ena a ku Britain amakhalanso ndi babu limodzi lopakidwa zoyera kunsonga, lomwe limagwira ntchito ya fyuzi. Limenelo likafa, m'malo mwake muikemo la mtundu womwewo.

Kusaka babu lakufa

Choyamba kanikizani kapena mangitsani babu lililonse, chifukwa ena amangokhala akhwepa. Timababu tating'ono timakhala ndi timawaya tiwiri topindidwa m'mbali mwa tsinde lake. Kamodzi kakapindika molakwika, sikakhudza chitsulo cha m'bowo ndipo mzere wonse umazima. Kuwongola ndi chikhadabo kumakwana.

Zikakanika, bwerekani maltimita kwa okonza mafoni kapena mawailesi. Ikani pa malo oyezera ngati moto ukudutsa, pomwe imalira kapena kuonetsa nambala. Pulagi ili yozula, chotsani babu lapakati pa mzere, gwiritsani waya umodzi wa maltimita pa dzino la pulagi ndi winayo pa kachitsulo ka m'bowo. Yesani mano onse awiri onyamula moto ndi tizitsulo tonse tiwiri. Mbali yomwe sikuyankha ndi komwe kuli vuto. Pitani pakati pa mbali imeneyo n'kubwerezanso. Pa mababu 50 mumalipeza lakufalo mutayeza kasanu kapena kasanu n'kamodzi, m'malo mozula onse.

Ngati maltimita palibe, batire limathandiza. Babu la 2.5V limayaka ndi batire limodzi la tochi la 1.5V, ngakhale mozimirira. La 12V limayaka ndi batire la 9V. Yesani limodzilimodzi. Njira yotenga babu labwino n'kumalisinthanitsa m'mabowo imagwira pokhapokha ngati lakufa ndi limodzi. Akafa awiri, mudzazungulira mzere wonse osapeza kanthu.

Babu lakufa musalisiye, ngakhale ena akuyaka

Timababu tambiri tili ndi kawaya kena kobisika m'munsi, kamene kamadutsitsa moto babulo likapsa kuti ena apitirize kuwala. Zimaoneka ngati zabwino, koma mphamvu ya lakufalo imagawidwa kwa otsala. Pa seti ya mababu 20 ija, anayi akafa, 16 otsalawo amalandira 15V m'malo mwa 12V. Amatentha kwambiri, amafa msanga, ndipo mapeto ake amapsa onse nthawi imodzi. Sinthani akufa msanga, ndipo babu latsopano likhale la mphamvu yofanana ndi anzake. Njira yotchipa n'kugula seti ina yakufa ya mtundu womwewo n'kumazulamo mababu.

Nanga a LED?

Ma LED amadya magetsi pang'ono ndipo satentha kwambiri, koma ali ndi mbali. Mukalowetsa chotembenuza sayaka, ndiye litembenuzeni musanaliweruze kuti lafa. Mukhoza kuliyesa ndi kabatire kafulati ka 3V ka CR2032. Pa maseti otchipa ophethira aja, chomwe chimafa kawirikawiri ndi kabokosi ka batani kosinthira kaphethiridwe. Mkati mwake mumadutsa 230V yonse, choncho musakatsegule pulagi ili ku soketi.

Palinso mababu akale otchedwa bubble lights, okhala ndi kachubu ka madzi omwe amabwata babu likatentha. Anatchuka ku America kuyambira m'ma 1940. Madziwo ndi mankhwala a methylene chloride, oopsa kuwapuma kapena kuwakhudza. Kachubu kakasweka, tsegulani mawindo ndipo ana atalikire.

Kumbukiraninso kuti Khrisimasi yathu imagwa nthawi ya dzinja. Seti yolembedwa kuti ndi ya m'nyumba isapachikidwe pa khonde kapena pa mpanda pomwe mvula imafika, ndipo muzizimitsa pogona kapena pochoka. Nyengo ikatha, kulungani waya pa chidutswa cha katoni, ikani mu chidebe chotseka bwino limodzi ndi mababu apadera ndi fyuzi ya 3A, n'kulemba pamwamba kuti setiyo ndi ya ma V angati.