Acinyamata a Makompyuta ku Migodi Akangana pa Malamulo a Intaneti

Ku Kitwe ndi ku Ndola, kumene makolo anadalira mkuwa, acinyamata ena tsopano akudyera luso lolemba malangizo oyendetsa makompyuta ndi mafoni. Luso limeneli limaphunzitsidwa pa Copperbelt University, imene inakhazikitsidwa ku Kitwe mu 1987.

Nkhani iri pakamwa pao ndiyo malamulo a intaneti a 2025, amene analowa m'malo mwa lamulo la 2021. Ena akuti malamulowa adzathandiza kugwira akawalala onyenga alimi kuti atumize ndalama pa foni. Anzao akuopa kuti mauthenga a anthu angamawerengedwe mobisa, ndipo sanaiwale kutsekedwa kwa WhatsApp ndi Facebook pa tsiku la masankho, 12 August 2021.

Koma onse agwirizana pa langizo limodzi kwa inu akumudzi: nambala yanu yacinsinsi yotengera ndalama musauze munthu aliyense.