Dziwani khalidwe la bulu wanu kuti akugwirireni ntchito zaka zambiri

Kwa alimi ambiri a ku Mitundu ndi ku Nathenje, abulu ndiwo amakoka ngolo za chimanga, mtedza, manyowa ndi njerwa. Bulu wosamalidwa bwino amatha kukhala zaka zoposa 25, koma ambiri amafooka msanga chifukwa eni ake sadziwa khalidwe lawo.

Bulu akaima, fufuzani chifukwa

Kavalo akachita mantha amathawa, pomwe bulu amangoima chilili. Ambiri amati ndi makani, n'kuyamba kumukwapula. Kawirikawiri amakhala kuti waona choopsa, katundu wamulemera kapena akumva ululu. Tsikani m'ngolo, muone mapazi, khosi ndi msana wake. Bulu saiwala msanga: malo amene anamenyedwerapo amadzakana kudutsapo. Mukamamulankhula modekha ndi mawu omwewo tsiku lililonse, amaphunzira kuima ndi kukhota popanda chikwapu.

Amabisa matenda

Bulu wodwala salira kapena kudzigwetsa. Akangozyolika, kugwetsa makutu kapena kusiya kudya, itanani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo.

Sakonda kukhala yekha

Abulu awiri akazolowerana, musawalekanitse. Wotsalayo amatha kusiya kudya mpaka kudwala.

Mphamvu zake zili pachifuwa

Goli ndi la ng'ombe. Pa bulu limatupitsa khosi ndi kuyambitsa zilonda. Gwiritsani ntchito lamba wotambalala wodutsa pachifuwa, woyalidwa nsalu yofewa, ndipo kulemera kwa mtengo wa ngolo kukhale pamsana, pa kachishalo.

Zoyenera kutsata

• Asayambe ntchito yolemetsa asanakwane zaka 3 kapena 4.
• Pamsana, bulu wamkulu wathanzi asanyamule zoposa makilogalamu 50. Munthu wamkulu wonenepa asamukwere.
• Pakani katundu m'ngolo mofanana kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo tsikani pokwera chitunda.
• M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, agwire ntchito m'mawa ndi madzulo. Mumwetseni madzi oyera kangapo patsiku.
• Khola likhale lofolera, chifukwa ubweya wa bulu umalowa madzi.
• Chilonda chitsukeni ndi madzi oyera othira mchere pang'ono. Musapakepo oyilo wagalimoto.
• Musamusambitse ndi dibi wa ng'ombe wokhala ndi amitraz, chifukwa ndi poizoni kwa abulu ndi akavalo.

Nanga nyulu?

Nyulu ndi mwana wa bulu wamwamuna ndi kavalo wamkazi. M'mayiko monga Ethiopia anthu amakwera nyulu m'mapiri chifukwa imapirira komanso siterereka wamba. Koma nyulu sibereka, ndipo kuno akavalo ndi ochepa. Chuma chodalirika kwa inu ndi bulu amene muli naye kale.

Alimi otsogola, kambiranani mfundozi m'magulu anu, ndipo funsani ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu za mankhwala a njoka zam'mimba ndi kasamalidwe ka ziboda.